Buku Losokedwa Kumapeto

Pa amayi asanu amene ankakumana Lachinayi lililonse masana m'kachipinda ka kuseri kwa shopu yosokera zovala, wogwira sizasi anali mmodzi yekha, a Telala. Palibe anachita kuwasankha. Shopu inali yawo, mipando yawo, ketulo yawo, ndiye lamulo nalonso linangogwera m'manja mwawo. Buku latsopano likafika, lisanapite kwa aliyense, a Telala ankalitsegula chakumapeto, n'kufufuza pamene payambira mutu womaliza, n'kutsina masamba onsewo pamodzi, kenako n'kuwasoka m'mphepete ndi singano yaikulu yosokera makatani. Ankabaya patatu, pamwamba, pakati ndi pansi, ulusi wake wofiira. Likatero bukulo linkayamba kuzungulira, aliyense masiku ake anayi kapena asanu, ndipo aliyense ankawerenga n'kukaima pa ulusipo. Onse akamaliza ankasonkhana, a Telala n'kudula ulusi, mnzawo wina, Aphunzitsi, n'kuvala magalasi n'kuwerenga mathero mokweza, onse asanu akumva nthawi imodzi. Akasowapo mmodzi, ulusi sunkadulidwa. Zinayenda choncho zaka khumi ndi zinayi.

Anachititsa zonsezi ndi a Phuma, amene dzina lawoli silinawagwere pachabe. Tiyi ankamwa akupsa naye milomo, basi ankatsika isanaime bwinobwino, ndipo buku ankaliyambira kumapeto. Chaka choyamba cha gululi, anzawo akadali pa tsamba la makumi atatu, iwo ankalowa pakhomo ali m'mawu kale: "Musavutike naye msilikaliyo, amuthawa pa tsiku la ukwati." A Positi, omwe anagwira ntchito yosanja makalata moyo wawo wonse osatsegulapo ngakhale imodzi, anatsala pang'ono kusiya gulu chifukwa cha khalidwe limeneli. Ndiye tsiku lina a Telala anangotenga singano. A Phuma anakalipa, anati kumeneku n'kumanga munthu wamkulu ngati mbuzi, koma Lachinayi lotsatira anali oyamba kufika.

Mabuku ake sanali oti munthu n'kuyenda nawo mumsewu chikuto chili poonekera. M'miyezi yozizira Aphunzitsi ankakakamiza anzawo mabuku olemera, a nkhondo ndi a mbiri yakale, amene a Positi ankawayamikira kuti amagonetsa bwino kuposa mapiritsi. Koma kukangoyamba kutentha, malata a shopu n'kumathetheka ndi dzuwa, onse ankagwirizana kuti mutu wa munthu sungasenze katundu wotere. Nyengo yotentha inali ya mabuku achikondi, opepuka, a zikuto zowala, ndipo mlembi wawo anali mmodzimodzi, mayi wina amene ankatulutsa buku chaka chilichonse osaphonya. Chithunzi chake cha kuseri kwa buku sichinasinthepo: chipewa chomwecho, kumwetulira komweko, tsaya lopanda khwinya. A Namwino, omwe anapuma ntchito ataona anthu ambiri akukalamba, ankati mayiyo ayenera kuti anatsamira mkono kalekale ndipo akulemba ndi adzukulu ake. A Phuma sankafuna kumva zimenezo. Ankati munthu wodziwa chikondi chonchi sangafe msanga.

Koma panali kanthu kamodzi kamene a Telala sanauzepo munthu. Masamba amene ankasoka aja, ankayamba awawerenga. Poyamba linali diso chabe lotsetsereka pofufuza poyambira mutu. Chaka chachiwiri anawerenga ndime imodzi, chachitatu mutu wonse, ataima pafupi ndi zenera, chitseko atakhoma. Ankadziuza kuti telala sadula nsalu asanadziwe mmene chovala chidzathere. Zoona zake n'zakuti mtima wawo sunkapirira kusadziwa, ndendende ngati wa a Phuma, kungoti iwo anali ndi nkhope yodziwa kubisa. Pa tsiku lodula ulusi ankagwira pakamwa n'kufuula kuti "Mayo ine!" pamalo oyenera, ndipo ankadziona kuti amachita bwino kwambiri.

Buku la chaka chimenecho linali la mkazi wamasiye wachitsikana wophika buledi, amene amuna awiri ankamufuna. Wina anali loya wa galimoto yakuda ndi nsapato zowala. Winayo anali wokonza mawotchi pakhonde la sitolo yoyang'anana ndi bekale ya mkaziyo, munthu wachibwibwi amene m'mawa uliwonse ankagula buledi mmodzi n'kulephera kunena chimene wabwerera. A Telala ankadziwa kale kuti mkaziyo akwatiwa ndi wamawotchi, ndipo Lachinayi lina anangokhala phee pamakina awo kumvera anzawo akukangana.

"Akwatiwa ndi loya, ndipo achita bwino," anatero a Positi akudzikupiza ndi chivundikiro cha katoni ya mabatani. "Mukufuna mwana wa eni ake azidya mawotchi?"

"Wamawotchiyo pofika pomaliza kunena kuti ndimakukonda, buledi yense adzakhala atapserera mu uvuni," anawonjezera a Namwino.

"Apserere," anayankha a Phuma. Iwo ankalandira buku pomalizira pa onse, kuti masiku awo odikira achepe, ndipo anali adakali pakati. "Mwamuna amene mawu amamuvuta kutuluka sakhala ndi otsala okapatsa akazi ena. Loyayo ine ndikumudziwa, ndinakhala naye zaka khumi ndi ziwiri. Wanga sanali loya ayi, koma nsapato zinkawala chimodzimodzi, mpaka tsiku limene zinatuluka pakhomo osabwereranso."

Onse anaseka, a Phuma kuposa onse, koma kuseka kwawoko kunathera m'kutsokomola. A Telala anaona kuti mnzawoyo wavula nsapato, ndipo mapazi atupa mpaka akakolo osaoneka. Anaonanso a Namwino akuyang'ana mapazi omwewo, kenako n'kuyang'ana kumbali.

"Ndi kutenthaku," anatero a Phuma ataona maso a anzawo. "Iwe Telala, mlembi ameneyu akangomupereka mwanayu kwa loya, ndimulembera kalata yoti sadzaiwala. A Positi andipezera adiresi."

A Phuma ndi a Telala anadziwana ali atsikana, akuphunzira kusoka pa makina amodzi. A Phuma anathawa patangotha miyezi itatu, akuti mzere wowongoka unkawapweteketsa mutu, n'kukayamba ntchito yogulitsa matikiti pa siteshoni ya basi, koma kuyenderana sikunathe. A Telala ndi amene anasoka diresi la ukwati la a Phuma, ndipo ndi omwewo anadzalisandutsa timadiresi tiwiri ta mwana ukwatiwo utatha.

Loweruka lake a Phuma anagonekedwa m'chipatala. Mwana wawo wamkazi uja, tsopano mayi wa ana awiri, anaimba foni kuti vuto ndi mtima, ndipo madzi adzaza m'mapapo. A Telala anapita Lolemba masana, nthawi yoonera odwala, atanyamula malalanje.

Wodi inali yaitali, mabedi khumi ndi awiri, fani imodzi kudenga ikuzungulira mwaulesi ngati nayonso yagonekedwa. A Phuma anali pabedi lachisanu, atawatsamiritsa pa mapilo atatu chifukwa akagona chagada mpweya unkawathawa. Pakakabati ka pambali panali botolo la madzi, chipeso, ndi buku lija.

"Sizasi wabwera nayo?" anafunsa a Phuma, mnzawo asanakhale n'komwe.

"Moni kaye, munthu iwe."

"Moni ndalandira wa madokotala anayi, wandikwana. Ndafika pa ulusi wako m'mawa uno. Loya wagula mphete, wamawotchi akulongedza katundu akuti asamuka, ndiye iwe wasoka pomwepo. Ulibe chisoni?"

"Lamulo ukulidziwa. Linabweranso chifukwa cha iwe."

"Ndiye aitane enawo, tidulire pompano."

"Pabedi amalola anthu awiri okha. Komanso buku lathu sitidulira m'chipatala ngati bandeji. Uchire, ubwere udzakhale pampando wako, tidzadule bwinobwino tiyi ali patebulo."

A Phuma anapuma kangapo kusonkhanitsa mpweya. Ankalankhula mawu asanu n'kuima, asanu n'kuima, ndipo a Telala, amene anazolowera kuchita kulimbirana nawo mpata wolankhula, anachita mantha kuona kuti tsopano akuwadikira kuti amalize.

"Ndikanafuna ndikanapempha lumo kwa anamwino akunowa," anatero a Phuma. "Koma ndinati ayi, ndidikire mwini ulusi. Ine, kudikira! Uziyamikako. Chabwino, usadule. Ungondiuza. Wamawotchi kapena loya?"

"Ndidziwa bwanji ine? Ndinaima pomwe waimapo."

A Phuma anaseka mpaka mayi wa pabedi loyandikana anatembenuka.

"Iwe, zaka zonsezi ukuganiza kuti ndilibe maso? Aphunzitsi asanafike pomvetsa chisoni, iwe kampango kali kale m'manja. Chaka chija cha woyendetsa ndege unayamba kumwetulira kudakali tsamba lathunthu kuti agogode pachitseko. Umawerenga usanasoke, mnzanga. Ndakusungira chinsinsi zaka khumi, ine amene mumati pakamwa panga sipasunga kanthu."

Nkhope ya a Telala inatentha. Manyazi anawagwira ngati mwana wopezeka dzanja lili mu shuga, ndipo manyaziwo anatulukira mu ukali.

"Matendawa ayamba kukubwebwetetsa."

"Ungogwedeza mutu basi. Sindiuza munthu."

Yankho linali liwu limodzi, ndipo linali kale pa lilime. Linali liwu lokoma, loti likanasangalatsa wodwalayo sabata yathunthu. Koma a Telala anali ndi mantha, ndipo mantha awo anali ndi pochokera. Amuna awo anagona m'chipatala chomwechi zaka zisanu ndi zitatu m'mbuyomo, madokotala atataya kale mtima, koma anakhala milungu itatu akudikira mwana wawo wamwamuna amene ankagwira ntchito kutali. Mwanayo anafika Loweruka, Lamlungu bambowo n'kutsogola. Kuyambira pamenepo a Telala ankakhulupirira kuti wodwala amagwirira moyo pa chimene akudikira, ndipo ukangomupatsa amalekerera n'kupita. Ndiye a Phuma, munthu woti akangodziwa mathero a chinthu amanyamuka osatsanzika, akanawauza bwanji? Pamwamba pa manthawo panalinso kunyada, kumene a Telala sakanavomera ngakhale mukanawakola pakhosi. Kugwedeza mutu kunali kuvomera kuti zaka zonsezi akhala akunamiza anzawo.

"Lachinayi likubwerali sutuluka, koma linalo udzakhala uli kunja," anatero. "Bweretsa bukulo, lingakuyese."

Analitenga pakakabati paja. A Phuma analigwira mbali inayo, ndipo kwa kanthawi amayi awiri a imvi anali kukokerana kabuku ka chikuto chowala pamaso pa wodi yonse. Dzanja la wodwala ndi limene linayamba kutopa.

"Ndiwe wouma mtima," anatero a Phuma, osakalipa, akuyang'ana kudenga.

"Udzandithokoza."

Belu lotulutsa alendo linalira. A Telala anasenda lalanje limodzi mofulumira, n'kulisiya pa mbale, n'kutuluka bukulo lili m'chikwama, pansi pa tepi yoyezera.

Lachinayi anakumana anayi. Mpando wa a Phuma, uja wa mwendo umodzi waufupi umene ankaugwedeza dala nkhani ikafika pokoma, unakhala pakona, ndipo palibe anaikapo ngakhale chikwama. A Namwino anali atapitako dzulo lake, ndipo sanapsatire mawu.

"Asisi, ine ndagwira ntchito m'mawodi zaka makumi atatu. Mtima uja watopa. Sindikunena kuti mawa kapena mkuja, koma tisadzinamize. Munthu akupempha kanthu kakang'ono. Tengani sizasi mukawawerengere."

"Lamulo tinapanga tokha, tikhozanso kulimasula tokha," anatero Aphunzitsi. "Ine ndavomera. Mukadule ife kulibe, tidzamva pambuyo."

"Kapena tipite tonse," anatero a Positi. "Awiri pabedi, awiri pazenera panja. Zenera lija lili pafupi, ndinaliona."

A Telala anapitiriza kupinda mpendero wa siketi ya kasitomala, mapini atatu ali pakamwa. Anawachotsa pang'onopang'ono asanayankhe.

"Ndiye mukufuna tikamutsanzike."

"Palibe wanena zimenezo."

"Mwanena. Anthu anayi kukazungulira bedi buku lili m'manja, iye aganiza chiyani? Wodi yonse iganiza chiyani? Ine sindikamuwerengera mnzanga ngati ndikumutseka maso. Akufuna mathero, adzuke adzawatenge pano. Mumamudziwa inu, chinthu akachifuna amatha kudumpha mpanda."

"Zimenezo n'za m'mabuku athuwa, asisi," anayankha a Namwino mofatsa. "M'wodi sizitero."

"Dokotala wati mankhwala akugwira."

"Dokotala amatero kwa aliyense wobwera ndi malalanje."

Koma buku linali m'kabati ya a Telala, sizasi inali yawo, ndipo pa zaka khumi ndi zinayi palibe anaphunzira kuwatsutsa mpaka pamapeto. Tiyi anazizira m'makapu. A Positi potuluka anangotsegula ambulera yawo yotchingira dzuwa n'kumapita. M'mawa mwake anazemba kupita ku sitolo ya mabuku kukafuna lina, munthu woti sanazemberepo lamulo chibadwire, koma wogulitsa anawauza kuti anabwera ochepa ndipo anatha, ena afika mwezi wamawa. A Phuma nawo akanatha kungouza gulu kuti funsani Telala, akudziwa, ndipo nkhani ikanathera pomwepo. Anzawo onse atatu anakawaona, aliyense tsiku lake, koma a Phuma sanaulule kwa aliyense.

Musaganize kuti a Telala anataya mnzawo. Ankapita modumphitsa tsiku limodzi, kutseka shopu dzuwa lili paliwombo, chonsecho anali ndi madiresi asanu ndi limodzi a operekeza mkwatibwi oti amalize. Anasoka malaya ogonera a khosi lalikulu, otsegula kutsogolo, kuti wodwala asamavutike pomuveka. Anakawapesa tsitsi, anakawapukuta msana. Loweruka, akuwawenga zikhadabo ndi kasizasi kakang'ono, a Phuma anayang'ana kachitsuloko n'kupukusa mutu.

"Chida wabwera nacho, koma wofunika opaleshoni wamusiya kunyumba."

Potsanzikana anagwira a Telala pamkono, n'kuwakokera pafupi. "Wamawotchi?" ananong'ona.

"Lachinayi," anayankha a Telala.

Lolemba a Phuma sanafunse. Anangogona maso ali pa fani, kuyankha ee ndi ayi, ndipo a Telala anabwerera ku shopu akudziuza kuti munthu akamachira amafooka choncho. Mumtima ankadziwa kuti akudzinamiza, koma anali atayenda mtunda wautali m'njira imeneyi, moti kubwerera kunkawaopsa kuposa kupitiriza. Anaganiza kuti Lachinayi, wodwala atuluke asatuluke, adzapita nalo bukulo. Anasankha Lachinayi chifukwa ndilo tsiku lodulira ulusi, ngati kuti matenda amasunga masiku a gulu.

Lachitatu m'mawa, a Telala atagwada pansi kuyeza mpendero wa diresi la mayi ake a mkwatibwi, mwana wa a Phuma analowa m'shopu. Anali mu zovala za dzulo, maso ali ofiira.

"Anti, amayi agwidwa ndi sitiroko dzulo madzulo. Adzuka, akulankhula pang'ono, koma tiyeni mukaone nokha."

A Telala anamva chimodzi chokha, chakuti akulankhula. Anasiya kasitomala ataima pakati pa shopu mapini ali m'diresi, n'kutsegula kabati, kutenga buku ndi sizasi yaikulu yodulira nsalu chifukwa ndi imene inali pafupi. M'basi monse ankakonza mawu. Sadikira kukhala pansi, sadikira moni. Akangofika anena kuti ndi wamawotchi, avomere kuti inde amawerenga asanasoke, mabuku onse, ndipo a Phuma awaseke mmene angafunire, auze gulu lonse, auze ndi wodi yomwe.

Nthawi yoonera odwala inali isanakwane, koma sisitala wa pawodi anawayang'ana kamodzi n'kuwalola. A Phuma anali atawasamutsira pabedi loyamba, pafupi ndi tebulo la anamwino. Mlomo unali utakokekera mbali imodzi, dzanja lamanja litangogona pa bulangete ngati la munthu wina, koma maso anali otsegula, oyera, odekha.

"Wamawotchi," anatero a Telala akupuma mwawefuwefu, atagwira chitsulo cha bedi. "Akwatiwa ndi wamawotchi. Loya amubwezera mphete yake. Unanena zoona, ndimawerenga, ndakhala ndikuwerenga onse. Wamva? Wamawotchi wako uja."

A Phuma anawayang'ana nthawi yaitali, mwaulemu. Kenako anatembenuzira maso kwa mwana wawo, ndipo mawu anatuluka olemera, mochita kukoka.

"Apatse mpando alendowa."

"Amayi, ndi anti awa. Anti a ku shopu, anzanu a mabuku."

"Oo," anatero a Phuma. "Mwayenda bwanji, mayi?"

Mwanayo anakoka mpando, n'kunong'oneza a Telala kuti ngakhale iye akumuzindikira mwa apo ndi apo, ndipo kum'mawako amamuyesa mng'ono wawo amene anamwalira kalekale. Dokotala wati mwina zina zibwerera, mwina ayi.

A Telala anakhala pansi. Sanadziwe chochita ndi manja awo, ndiye anachita chimene anabwerera. Anatulutsa buku, n'kulowetsa nsonga ya sizasi pansi pa ulusi, n'kudula malo onse atatu. Sizasiyo inali yaikulu kwambiri pa ntchito yotere ndipo inang'ambako kangodya ka tsamba. Anayamba kuwerenga.

Sanali wodziwa kuwerenga mokweza, imeneyo inali ntchito ya Aphunzitsi. Ankathamanga, kupunthwa, kudumpha mzere n'kubwerera. Anawerenga mmene wophika buledi anakulungira mphete m'kapepala n'kuitumiza ku ofesi ya loya. Anawerenga mmene anawolokera msewu ufa uli m'manja, n'kupeza wamawotchi akumanga katundu wake ndi chingwe, ndi mmene mwamunayo anayambira mawu ake aja n'kukakamira pakati, mkaziyo n'kukhala pa bokosi n'kumuuza kuti asafulumire, iye sakupita kulikonse.

Mayi wa pabedi lachiwiri anali atadzuka kukhala tsonga. Wokolopa anaima ndi mopu yake pakati pa wodi. Wamawotchi atamaliza mawu ake, wina chakumapeto kwa wodi anati "Eyaa!" ndipo ena anaseka. Apa ndi pamene a Phuma akanamenya bedi ndi chikhatho, n'kufuula kuti ndinanena ine, n'kulamula kuti ndime imeneyo iwerengedwenso. A Telala anaima kuwapatsa mpata. A Phuma anali kusalaza nsalu ya pabedi ndi dzanja lamanzere, mofatsa, monga amakhalira munthu pamene mlendo akufotokoza za anthu osawadziwa.

Masamba atatu otsalawo a Telala anawawerenga osawaona bwino. Chisoni chawo sichinali cha matenda okha. Ankadziwa kuti panali masiku asanu ndi anayi amene liwu limodzi lija likanafika kwa mwini wake n'kumupeza, ndipo amene analitsekera m'kabati sanali matenda, anali iwo. Anatseka buku n'kuliika pamiyendo, misozi ikugwera pa chikuto.

A Phuma anawayang'ana ndi nkhope yodandaula, n'kufunsa mwana wawo.

"Mayiwa akulira chiyani? Bukulo latha moipa?"

"Ayi," anayankha a Telala eni ake. "Latha bwino."

A Phuma anatambasula dzanja lamanzere n'kuwasisita pamkono, monga angachitire munthu wachifundo ndi mlendo amene wakhala naye mpando umodzi m'basi.

"Ndiye pukutani misozi, mayi," anatero pang'onopang'ono. "Anthu angaganize kuti mwafedwa."